Khoma la Kum'mawa kwa Depoti

A Levulo anasiya kukwera pansanja zaka zitatu zapitazo, bondo lakumanja litayamba kutupa. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pantchito kalekale, chifukwa sankayala njerwa zitatu osasanjikapo levulo, kachida koonera ngati zawongoka. Ntchito zawo tsopano zinali zing'onozing'ono: sitepe yogumuka, thanki yodontha, khoma la bafa. Ankagwira masiku awiri kapena atatu, kenaka sabata yathunthu ali khale pakhonde, mwendo atausanjika pachitini.

Lolemba lina m'mawa kunabwera alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amene anali kalipentala.

"Alamu, dzukani, yapezeka ntchito yoyenera nkhalamba. Akuchotsa depoti ija ya kuseri kwa njanji."

"Kugumula ndi ntchito ya chimakina chija cha katapila. Ine ndine womanga."

"Katapila amukana. Akuti aiphwasule ndi manja, njerwa imodziimodzi, ngati kutola nsabwe m'mutu."

"Wamisala wake ndani?"

"Mayi wina, injiniya. Akufuna munthu woidziwa nyumbayo. Ndawauza kuti ndili naye mlamu amene anaimanga, koma afulumire, sachedwa kutisiya."

A Levulo sanaseke. Depotiyo anaimangadi, zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, pamodzi ndi achimwene awo aakulu amene anali kapitawo pantchitoyo. Achimwenewo anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Kuyambira pomwe anaimaliza, a Levulo sankakonda kudutsa njira ya kunjanji. Koma akazi awo anali ataima pakhomo ndi tsache m'manja, akumva zonse, ndipo m'nyumbamo munali zidzukulu ziwiri za pasukulu. A Levulo anafunsa nthawi yoyambira.

A injiniya anali mayi wamng'ono thupi, wa zaka ngati makumi anayi, nsapato zazikulu zafumbi, mawu osasa. Foni yawo inkalira pafupipafupi ndipo ankaiyang'ana ngati munthu woyang'ana chilonda. Anawatengera a Levulo m'kati mwa depoti. Munali mdima ndi fungo la makoswe.

"Bambo, mwini malo akufuna kumanga mashopu pano. Iye amati tigwetse zonse, tikataye, tigule zatsopano. Ndamuchonderera miyezi inayi. Njerwa izi zinapsa kale, mitengo yozitenthera inadulidwa kale. Tikazitaya n'kukaotcha zina, ndiye kuti nkhalango yafa kawiri chifukwa cha nyumba imodzi. Malata, matabwa, mafelemu, zitsulo, chilichonse chimene chingagwirenso ntchito ndikuchifuna chamoyo."

"Wakupatsani nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata asanu ndi limodzi."

A Levulo anakweza maso kudenga, n'kuyang'ana makoma, n'kuyang'ananso mayiyo.

"Kumanga tinatenga miyezi isanu ndi iwiri."

"Ndikudziwa, bambo. Musandiuzenso zimenezo, ndazimva kwa aliyense."

Anayamba ndi denga. Alamu ndi anzawo atatu ankazula misomali, n'kumatsitsa malata ndi chingwe kuti asapindike. Matabwa a denga anali akadali olimba, kupatula awiri amene chiswe chinadya m'kati n'kusiya khungu lokha. A Levulo ankakhala pansi, kulozera pomwe aliyense ayambire. Denga litachoka, anthu anaona kuti khoma lililonse lili ndi lamba wa konkire pamwamba pake, amene amisiri amati bimu. Bimuyo anaidula zidutswazidutswa n'kuiunjika pakona, kuti adzaiswe pambuyo pake atulutsemo zitsulo.

Kenaka inafika ntchito yeniyeni. Amuna ankamasula njerwa pamwamba ndi tchizulo, n'kumapatsirana mpaka pansi. Pansipo panali amayi asanu ndi mmodzi atakhala pamatumba, aliyense ndi kachitsulo kake, kupala matope akale panjerwa iliyonse. A Levulo ankagogoda njerwa yopalidwa ndi mpeni womangira. Ikalira bwino, mulu wa kumanja. Ikalira ngati mphika wosweka, mulu wa kumanzere. Gogodo, gogodo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Fumbi linkalowa m'mphuno, m'makutu, m'matumba a malaya. Pofika madzulo onse ankaoneka amtundu umodzi, otuwa ngati mbewa za m'phulusa, ndipo palibe amene ankakhala ndi mphamvu yocheza panjira.

Sabata yachiwiri isanathe, aliyense anali ataona kuti makoma awiri aataliwo sanali ofanana. Khoma la kumadzulo linali ngati mwala umodzi. Munthu ukamenya tchizulo, matope sankasuntha, imene inkasweka ndi njerwa. Pa njerwa khumi zilizonse, zitatu zokha ndi zimene zinkatsika zathunthu, ndipo amayi opala aja ankazikana, manja atachita matuza. Koma khoma la kum'mawa linkangomasuka lokha. Kugogoda kawiri, njerwa yatuluka yosalala, matope akuyoyoka ngati buledi wa dzana.

"Amene anamanga mbali inoyi Mulungu amudalitse," anatero mmodzi wa amayiwo. "Koma wa uko, kaya anali ndi mkwiyo wanji."

A Levulo anawerama n'kupitiriza kugogoda.

A injiniya anasangalala koyamba chiyambireni ntchitoyo. Anatola matope aja, kuwafikisa m'zala, kuwanunkhiza, kuwajambula ndi foni.

"Bambo, mukuona? Apa anachepetsa simenti dala, mwina anaikamo laimu. Matope ofewa amalola nyumba kupuma, ndipo tsiku lophwasula njerwa zimapulumuka. Izi ndi zimene tikuphunzitsa lero m'makalasi, inu munkazichita kale. Munasakaniza bwanji?"

"Ndi kale, mayi. Mutu unakalamba."

"Yesetsani kukumbukira. Ndikufuna ndizilembe."

Sanaiwale kanthu. Khoma la kum'mawa linali lawo, la kumadzulo linali la achimwene awo. Chaka chimenecho iwo anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, akukhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kumunsi kwa mtsetse, pansi pake padothi. Nthawi ya mvula pansipo pankatuluka thukuta, mphasa inkachita nkhungu. Mwana wawo woyamba anamwalira ndi chifuwa ali ndi miyezi isanu, ndipo pomwe depoti inkamangidwa akazi awo anali oyembekezeranso. Ndiye madzulo aliwonse a Levulo ankatapa simenti theka la thumba, kuikulunga m'chiguduli, n'kuimangirira panjinga. Pamene pankafunika matumba awiri, pakhoma pawo pankalowa limodzi. Laimu munalibe. Munali mchenga ndi mantha. Kwa zaka zambiri, mphepo ikaomba mwamphamvu, ankadikira kumva kuti depoti yagwera anthu. Sinagwe, ndipo sanauzepo munthu, ngakhale achimwene awo.

Lachisanu la sabata yachitatu anayamba kuswa bimu ija. Alamu ndi amene anaitana.

"Mayi, tabwerani mudzaone zachilendo kuno."

Zidutswa za mbali ya kumadzulo zinali ndi zitsulo zinayi m'kati, monga mwa nthawi zonse. Za mbali ya kum'mawa zinali ndi zisanu ndi zitatu, zonenepa, zomangidwa ndi waya mothinana kwambiri. A injiniya anagwada pafumbipo n'kuziwerenga kawiri.

"Ndiye kuti ankadziwa chimene akuchita. Anadziwa kuti khoma ili ndi lofewa, n'kulimanga lamba wamphamvu kuti lisatseguke. Lamba ameneyu ndi amene waligwira zaka zonsezi. Anathira bimu ndani, bambo?"

"Achimwene anga."

"Inu munalipo?"

"Ayi. Sabata imeneyo ananditumiza kokakweza mchenga. Masiku atatu."

Atanena zimenezo a Levulo anasiya mpeni wawo pansi. Anakakhala pamulu wa njerwa za kumanzere, zosweka zija, ndipo tsiku limenelo sanagogodenso. Alamu anabwera ndi botolo la madzi.

"Bondo?"

"Bondo."

"Ndinakuuzani kuti mudule, tikupangireni lathabwa. Matabwa abwino tatsitsa ambiri."

"Alamu, lero ndisiyeni."

Alamu anawayang'ana, n'kusiya botololo pambali pawo, n'kubwerera kuntchito.

Lamlungu masana, zidzukulu zitapita kosewera, a Levulo anakhala pampando wa m'chipinda chochezera. Akazi awo ankasoka yunifolomu yong'ambika pafupi ndi zenera. Nyumbayo anaikuza kawiri m'zaka zimenezi, koma pansi pa chipinda chimenecho panali pomwe paja, posalala, popanda mng'alu ngakhale umodzi.

"Mayi, simenti ya pansi apa mukudziwa kumene inachokera?"

"Kudepoti," anayankha osakweza mutu.

"Munadziwa liti?"

"Bambo, munthu wobwera ndi simenti m'chiguduli madzulo aliwonse, mumati ndiziganiza kuti akumupatsa kutchalitchi?"

A Levulo anawafotokozera za khoma, za a injiniya, za zitsulo zisanu ndi zitatu. Amayiwo analuma ulusi ndi mano, n'kuika singano pachifuwa cha diresi.

"Achimwene anu anabwera kuno. Inu munali kumchenga kuja. Analowa, anaima pomwe pali tebulopo, anagogoda pansi ndi chidendene. Anandifunsa kuti matumba angati. Ndinati khumi ndi limodzi, poti ndinkawerenga. Anangoti, 'Wasalaza bwino.' Anamwa madzi n'kumapita."

"Osanena china?"

"Anati ndisakuuzeni kuti anabwera."

"Ndiye zaka zonsezi inu muli chete?"

"Nanga inu munayankhula?"

Panja wina ankakhoma chinachake, kulekeza, kukhomanso.

"Zitsulo zinazo anazitenga kuti? Mwini depoti ankawerenga ngakhale misomali."

"Wailesi yawo ija yaikulu, ya mabatire asanu ndi limodzi, munamva kuti inapita kuti?"

"Anati inabedwa."

"Inabedwa," anatero amayiwo, n'kutenganso singano. "Ndi wogulitsa zitsulo."

A Levulo anakumbukira mmene achimwene awo ankaikondera wailesiyo, mmene ankaipukutira ndi mpango Loweruka lililonse. Anakumbukiranso kuti iwo anapita kukawapepesa za kubedwako, n'kutukwana akuba a masiku ano, achimwenewo akungogwedeza mutu. Anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali chifuwa cha fumbi la kudepoti, ndipo anatsokomola mpaka misozi.

Lolemba anafika molawirira. Anapeza a injiniya atakhala m'galimoto mwawo chitseko chili chotsekula, nsapato imodzi atavula, akudya mabisiketi a m'pepala. Maso awo anali ofiira.

"Mayi, zija mumati mulembe zija, musalembe."

"Ndinatumiza kale Lachisanu. Bwanji?"

Anawauza zonse ali chiimire, chipewa chili m'manja: chiguduli, njinga, mwana, matumba khumi ndi limodzi, wailesi. Sanawonjezere, sanachotsere. A injiniya anasiya kutafuna. Atamaliza, mayiyo anatsamira pampando n'kutseka maso, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. A Levulo anaganiza kuti akulira, koma ankaseka, kuseka kopanda mawu kwa munthu wotopa.

"Ndiye ndikalembe chiyani, bambo? Kuti njira yabwino yosamalira chilengedwe ndi kuba simenti?"

"Lembani kuti khomalo likanapha anthu pakanapanda achimwene anga."

"Ndalemba masamba asanu ndi awiri za nzeru za amisiri akale. Ndatumiza kwa anthu amene akhala akundiseka chaka chonse." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikonza. Ndinena kuti matope anali ofewa, chifukwa chake sindinachimvetse bwino, ndipo osatengera popanda kuyeza. Dzina lanu silikhalamo. Mwini wake wakale uja ali moyo?"

"Anamwalira kale. Ana ake ndi amene anagulitsa malo ano."

"Ndiye mlandu wanu ulibe woumva. Ine sindingausenze, ndili ndi wanga." Anakweza foni. "Mwini malo anaimba kasanu dzulo. Akuti mashopu analonjeza kale anthu. Masabata asanu ndi limodzi aja asanduka anayi. Katapila akubwera Lachinayi."

"Khoma la kumadzulo sitinafike ndi theka lomwe."

"Ndikudziwa."

"Tikawonjezera anthu?"

"Bambo, pa khumi zikupulumuka zitatu. Ndamenya nkhondo imeneyi mpaka mawu atha. Ndapempha chimodzi chokha, kuti zogumukazo asakataye, tizithire pansi pa maziko m'malo mogula miyala. Wavomera chifukwa zikumupeputsira. Tiyeni tipulumutse za kum'mawa zonse lisanafike Lachinayi."

Masiku atatu amenewo anagwira ngati akuthamangitsidwa. Amayi opala aja anakulunga nsanza m'manja. Alamu anasiya matabwa n'kugwira tchizulo. A Levulo anagogoda mpaka dzanja linachita dzanzi, ndipo pofika Lachitatu madzulo khoma la kum'mawa linali litatha mpaka pamaziko, njerwa zake zitaimikidwa m'mizere yaitali m'mbali mwa mpanda.

Katapila anabwera Lachinayi cha m'ma naini. Woyendetsa wake anali munthu wonenepa, wansangala, chotokosera m'mano chili pakamwa. Anazungulira khoma la kumadzulo lija kamodzi, kulimenya ndi chikhatho.

"Ili ndi la mphindi makumi awiri."

Linamutengera maola atatu. Akalikankha, khomalo linkangonjenjemera n'kuimanso. Anabwerera m'mbuyo, kulimenya pakona, utsi wakuda uli tolotolo, mpaka anatsika kukayang'ana ngati mano a chitsulo chake ali bwino.

"Anamanga ndani chimenechi? Ankamangira anthu kapena njovu?"

"Achimwene awo a bambo awa," anatero alamu. "Mukawaona kumwambako mukawadandaulire."

Pomaliza linagwa, osati njerwanjerwa, koma zigawo zikuluzikulu ngati zitseko, ndipo nthaka inagunda mpaka m'mabondo. A Levulo anaonerera ali chiimire kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Fumbi litakhazikika anapita kukatenga hamala, n'kukhala pansi pambali pa mulu wa zitsulo za m'bimu, n'kuyamba kuziwongola chimodzichimodzi pachidutswa cha njanji. Palibe anawatuma, ndipo palibe anawaletsa.

Kumanga kunayamba patatha milungu iwiri. A injiniya anawapempha kuti atsale, aziyala mizere ya m'munsi imene safunika kukwera. Matope anali a muyezo wa a injiniya, simenti pang'ono ndi laimu weniweni, woyezedwa ndi ndowa pamaso pa aliyense. Njerwa zakalezo zinali zosiyana misinkhu, zina zopindika pang'ono, ndipo amisiri ena ankazitukwana chifukwa zinkachedwetsa. A Levulo ankazitembenuza m'manja mpaka iliyonse ipeze mbali yake yokhalira.

Zinakwanira khoma la kutsogolo ndi mashopu atatu. Mashopu anali asanu ndi atatu. A injiniya anafuna kuti otsalawo amangidwe ndi njerwa za dothi zopanikiza ndi makina, zosaotcha, ndipo anabweretsa zitsanzo ziwiri m'galimoto. Mwini malo anabwera yekha tsiku limenelo, bambo wa suti yotuwa amene sanafune kuponda pamatope. Anatenga njerwa imodzi, kuikanda ndi kiyi wa galimoto, n'kuibweza.

"Mayi, ndakumverani kokwanira. Anthu akamva kuti shopu ndi yadothi sabwera."

M'mawa mwake munalowa lole ya njerwa zootcha, zina zikadali zofunda, zikununkha utsi. A injiniya anaima n'kumaonerera akutsitsa, manja ali m'matumba. Sanakangane ndi munthu. Mwezi usanathe kampani yawo inawatumiza kuntchito ina kutali, ndipo m'malo mwawo munabwera kapitawo amene sankafuna kumva za laimu. Tsiku lonyamuka anadzawapeza a Levulo pakhoma.

"Bambo, ndapita. Atatu mwa asanu ndi atatu. Pantchito ina m'mbuyomu ndinapulumutsa zitseko zokha, ndiye musaone ngati ndikudandaula."

"Mupite bwino, mayi. Muzigonako."

"Inunso bondolo mukalionetse kuchipatala."

Onse awiri anadziwa kuti palibe amene achite zimene wauzidwazo.

A Levulo anagwirabe mpaka makoma anafika m'chifuwa. Kupitirira apo panafunika nsanja, ndipo kapitawo watsopanoyo anawauza mwaulemu kuti Lachisanu likhala tsiku lawo lomaliza. Sanatsutse. Lachisanulo anatsuka mpeni wawo pampopi, kuupukuta ndi pepala la thumba la simenti, n'kutsanzika amayi awiri amene anali atatsala pa asanu ndi mmodzi aja. Alamu anali padenga la shopu yoyamba, akukhoma malata akale pamatabwa akale, misomali itatu ili pakamwa. Atawaona anailavulira m'manja n'kufuula.

"Alamu, mukauze mlongo wanga kuti ndakubwezani wamoyo!"

"Mukamuuze nokha. Mubwere Lamlungu."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pasiteji. Panali benchi yachitsulo pansi pa kadenga, ndipo anakhalapo, chikwama pamiyendo. Minibasi yoyamba inaima, kondakitala n'kuwakodola, iwo anapukusa mutu. Yachiwiri inali ndi malo kutsogolo, koma anailekanso ipite. Sankadikira munthu. Kukhala pansi kunkangokoma, ndipo dzuwa linali lisanalowe. Yachitatu itafika anadzuka, anagwira chitseko ndi manja awiri, n'kukweza mwendo wabwino poyamba.